Timitengo ta Pamaluwa

Chitipa Boma
19 Okutobala 1997

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa lanyanya.

Dzulo ndinabzala maluwa aja amene malemu bambo a Tawonga anabwera nawo kuchokera ku Mughese, aja mbewu yake imaoneka ngati anyezi. Chilimwe chonse ndinawasunga m'chitini cha phulusa monga ankachitira eni ake. Ntchito imene kale ndinkamaliza tiyi asanazizire inanditengera tsiku lathunthu. Ndimati ndikakumba kadzenje kamodzi, ndikhale pansi kaye. A NyaKaonga, oyandikana nawo nyumba, anandipeza ndili wefuwefu, n'kunena kuti, "Mama, mukudzivutitsiranji? Maluwa sadyedwa." Ndinangoseka, n'kupitiriza kukumba.

Kuchipatala ndinapitanso. Zimene anandiuza si zolemba m'kalata.

Maluwawa saphuka mpaka mvula itagwa kawiri katatu, ndiye ndazika timitengo pamene ndakwirira ponse, kuti amene adzalime pakhomo pano asadzawateme ndi khasu. Tawonga ndamuonetsa, koma ndi mwana, aiwala.

Mubwere Khirisimasi isanafike, achemwali, musadikire kuti maluwawo amasule. Yunifolomu ya Tawonga ndachapa, ili pamwamba m'sutikesi yobiriwira ija, musadzavutike kuifuna podzamutenga.

Ndine mng'ono wanu,
Janet