Makutu Atha, Baji Ikupita

Lolemba, 6 Okutobala

Kalata yabwera. Lachinayi kuchipatala cha pakampu, kukayezetsa makutu. Zaka 19 ndili pa mizinga, akuganiza kuti akapezamo chiyani? Sajeni wa mizinga amene ali ndi makutu abwino ndiye kuti ankajomba.

Akapeza kuti ndagontha sandichotsa usilikali. Bola akanatero. Amakusamutsira ku gulu losunga katundu, baji ya mzinga n'kuchoka pachipewa, n'kubwera yawo. Owerenga mabulangete. Ndawaseka choncho zaka zonsezi, ndi pakamwa panga pomwepa.

Baji ndaipukuta kawiri lero.

Lachitatu, 8 Okutobala

Jimbun, wachiwiri wanga pa mzinga nambala 3, wandipatsa nzeru ya akale yokhozera mayeso a makutu. "Sajeni, musadzivute n'kumvetsera. Werengani chamumtima mpaka folo, dinani batani. Folo, dinani. Theka la kampu ino linakhoza choncho."

Kunyumba mkazi wanga Rohaya akuti ndikanene zoona. "Abang," momwe amanditchulira, "mwana amakuitanani katatu patebulo, inu muli duu ngati chitsa. Kachitsulo kameneko kakubwezerani makutu?"

Kachitsulo! Mawu amenewo okha ndiye ndawamva bwinobwino.

Lachinayi, 9 Okutobala

Manyazi.

Kachipinda kopanda zenera, zomvera m'makutu, batani m'manja. Ukamva kaphokoso, udine. Folo, ndadina. Folo, ndadina. Mtima unayamba kukhala m'malo. Kenaka chitseko chatseguka, namwino ali chilili, akundiyang'ana mwachisoni. Makinawo anali atawazimitsa kalekale, ine ndikungodinabe.

"Sajeni, ndinu wachisanu wochokera ku mizinga chaka chino. Nonse mumawerenga mpaka folo."

Loweruka, 11 Okutobala

Sindinatuluke. Baji m'manja tsiku lonse. Yamkuwa weniweni, osati zonyezimira zokha zimene akulandira ana a masiku ano. Gudumu la mzingawo linachita kusalala ndi kupukuta.

Tsiku limene ndinaombera koyamba, Sajeni Mat Daud anaponya bajiyi m'chigoba cha chipolopolo chikadali chamoto. "Tola ngati ukuifunadi." Ndinatola. Matuza zala ziwiri, sabata yonse ndinkangoonetsa aliyense, ngakhale ophika.

Mat Daud nayenso anali gonthi wotheratu, koma anapuma ntchito mzinga uli pamphumi. Nthawi yawo makinawa kunalibe. Ine ndalakwa chiyani, kubadwa mochedwa?

Lachiwiri, 14 Okutobala

Kwa Meja Khairuddin, mkulu wathu. Ndachonderera, kunangotsala kugwada. Zaka ziwiri zokha zatsala kuti ndipume. Ndati andisiye ndizisesa pansi pa mizinga, ndizitsuka matayala, chilichonse, bola baji.

Andipatsa mwayi umodzi. Akuti sabata yamawa kumalo oomberako mzinga wanga ndi umene uyambe, chingwe ndigwire ndekha. Ndikamva lamulo lawo ndi khutu langa, adzalemba kalata yondipemphera kwa akuluakulu. "Ukalephera, Zulkarnain, usadzabwerenso ndi nkhani imeneyi."

Tapangana ndi Jimbun. Meja akakuwa, adzandiponda chidendene.

Lachitatu, 22 Okutobala

Mvula m'mawa, matope ofiira mpaka m'mawondo. Tisanayambe, Meja anaitana Jimbun kuti akaime pambali pawo. Si mwana, amatidziwa. Ine anandiimika chowafulatira kuti ndisaone pakamwa.

Chingwe m'manja. Ndadikira. M'makutu nkhululu zanga za masiku onse, kulira osapuma. Ndinaganiza zowerenga mpaka folo, koma uwu ndi mzinga, si batani. Sukoka usanauzidwe, kutsogoloko kungakhale munthu. Ndadikirabe. Ndinaona onyamula zipolopolo onse akuyang'ana pansi. Kenaka dzanja paphewa. Meja. Anali atakuwa katatu.

Palibe amene anaseka. Akanaseka mwina ndikanapeza womukalipira.

Lolemba, 3 Novembala

Baji yatsopano ndalandira. Yopepuka ngati chitsekerero cha botolo.

Zala zinakana kuchotsa yakale. Ndinakhala nacho chipewa pamiyendo mpaka mpunga kuzizira. Rohaya anandituma shuga kugolosale, shuga ali tho m'chitini. Pobwera ndinapeza zatheka, yakale ataikulunga m'kampango. Sananene kuti ndinakuuzani. Maso ake anali ofiira.

Pachipewa patsala chithunzi cha mzinga, pamene dzuwa silinawaule nsalu. Yatsopanoyi sikuphimba ponse, mlomo wa mzinga ukusuzumira kumbali. Rohaya akuti ndipeze chipewa china. Ndikapeza mawa. Kapena mkuja.

Lachitatu, 12 Novembala

Chipewa chatsopano, chouma, chikuluma pamphumi. Mabulangete 240, maneti 180, atatu obooka. Anzanga a kuno ndi aulemu, amandilankhula mokuwa ngati nkhalamba. Palibe amene wandikumbutsa zimene ndinkawanena, ndipo zimenezo zikundipweteka kwambiri.

Cha m'ma 10 tiyi anayamba kunjenjemera m'kapu. Sindinamve kanthu, koma mapazi anadziwa. Ndinathamangira panja. Mizinga isanu ndi umodzi ikukokedwa, ulendo wa kumalo oomberako. Nambala 3 pakati, Jimbun pampando wanga.

Mizinga ikamadutsa msilikali amaima n'kuichitira sawatcha. Ndinaima njo m'mbali mwa msewu, dzanja kumphumi. Galimoto inadutsa pafupi zedi, ndikanatha kuikhudza. Jimbun anatembenuka, maso ake anafika pachipewa changa, n'kupitirira. Zaka zisanu ndi ziwiri tikudya mbale imodzi. Sanandizindikire.

Ndimuimbe mlandu wanji? A mizinga timayamba taona pachipewa, ndipo tikaonapo ya mabulangete sitifikanso pankhope.