Mabuku Atatu a Liywalii

Maramba, Livingstone
14 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Jasper,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumudziko. Nanga bondo lija lasiya kutupa? Ife kuno tili bwino, kupatula mutu wangawu umene wasokonezeka, n'chifukwa chake ndalembera inu eni mbumba.

Kuno kuli mphunzitsi wina wachilozi, dzina lake Liywalii. Ali mwana ankachita sewero la pa TV ngati mwana wamasiye, ndipo akayamba kulira Zambia yense ankalira naye. Ine ndi malemu alamu anu tinkakaonera kwa aneba, ndinkabwerako maso ali psuu. Pano ndi munthu wandevu zake, ndipo Loweruka amalankhula pa wailesi za mabuku oyenera kuwerenga.

Mwezi watha anafika pakhomo, mwana wanu Chantel ali kuntchito. Anagwada, anawomba m'manja, n'kundipatsa mabuku atatu okulunga bwino m'pepala, amvekere ndiwerenge mofatsa. Achimwene, mwamuna wosakwatira akagwadira mayi wa namwali, kaphukusi kali m'manja, kwathu timati chiyani? Ine ndinati ophunzira a masiku ano chikole chawo n'chotere, ndipo amadzera kwa mayi.

Ndinalimbana nawo onse ndi Chingelezi changa cha Sitandade 8, kufunafuna pamene wabisa mawu. Loyamba linali la munthu wogwira ntchito kunjanji. Lachiwiri la mayi wamasiye wokaniza mwana wake kukwatiwa, ndipo ndinakhumudwa poganiza kuti akunena ine. Lachitatu la kuweta njuchi, limenelo mpaka lero sindikudziwa kuti limandifuna chiyani.

Ndinauza Chantel kuti watomeredwa. Anabisa nkhope m'chitenje, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti wakhala akumukonda mwakachetechete zaka ziwiri. Ndinanong'onezanso mnzanga wa kutchalitchi, Beauty. Pofika Lamlungu msika wonse wa Maramba unali ukundipatsa moni wa apongozi.

Kenaka mayi Sililo a nyumba yoyandikana nafe anandionetsa mabuku awo, omwe aja atatu. Akuti Liywalii akugawira amayi a mumsewu mwathu kuti ayambitse gulu lowerenga, ndipo kugwada n'kuwomba m'manja Alozi amachitira wamkulu aliyense, ngakhale pobwereka machesi. Zaka zonse ndakhala kunozi ndinali ndikuziona, koma tsiku limenelo ndinaona zimene mtima wanga unkafuna. Manyazi ake sindingathe kuwalemba.

Ndinanyamula mabukuwo kukabweza kwa Liywalii, ndipo ndinamufotokozera zonse osabisa. Misozi yake inayamba kutsika. Anati m'Chinyanja cha kuno, “Ba mami, mabuku ni ya aliyense. Koma Chantel nimamufuna zoona, nenze chabe kuyopa.” Analonjeza kutumiza akuluakulu a kwawo kumapeto a Julaye.

Mwina mukuti nkhani yatha bwino. Koma achimwene, misozi imeneyo ndikuidziwa. Inayambira diso lakumanzere, mlomo wam'munsi ukunjenjemera, ndendende mmene ankachitira pa TV ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsono sindikudziwa ngati amamukondadi mwanayu, kapena wangomvera chisoni mayi amene wadzichititsa manyazi pamsika, n'kuvala udindo monga anazolowera. Ndi munthu wamtima wabwino, ndipo ndi zimenezo zikundiopsa. Banja la chisoni ndinaliona kwa achemwali athu aakulu, sindikufuna Chantel alowe lotero chifukwa cha pakamwa panga. Iye sakudziwa kuti mabuku aja anali a aliyense. Akungoimba pochapa.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani akuluakuluwo asanafike, mudzakhale naye Liywalii pansi, mumufunse monga malume. Kwathu kunalibe TV, ndiye inu simunamuonepo akulira. Ine sindingathe kumuyeza, chifukwa tsiku lija atangoyamba, nanenso ndinalira monga kale, mpaka ndinabwerera kunyumba ndi mabuku omwe ndinapita kukabweza.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa achemwali ndi ana onse. Chantel akuti ndikuuzeni kuti ali ndi nkhani yabwino.

Ndine mlongo wanu,
Ada