Akuti ndikagulitse denje limene kampani yalikana

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, Rawda, amene wangoyamba kumene kuyenda. Ine ndi amuna anga a Shaaban timalima denje. Kampani ina imaligula, n'kuliwaza, kuliziziritsa ndi kulitumiza kunja, ndipo chakudya chathu cha chaka chonse chimachokera pamenepo.

Kuno aliyense amatapa matope amene makina afukula m'ngalande, n'kuwayala m'khola pansi pa njati yoweta imene timakama mkaka. Akasakanikirana ndi ndowe timawatutira kumunda. Makolo athu ankatero, ndipo chaka chatha ifenso tinatero. Mulu wa matopewo unali wakuda bwino, moti tinkachita kulimbirana ndi anzathu. Palibe anaganizako zoti kumtunda kwa ngalandeyo kuli anthu osungunula mabatire akale a galimoto, amene amatayira madzi awo momwemo.

Sabata yatha a kampani anabwera osatsitsa n'komwe matumba. Mkulu wawo anati, "A Shaaban, pepani. Tayeza masamba anu, muli mtovu, chitsulo chapoizoni cha m'mabatire. Ngakhale mutatipatsa ulele sititenga." Tiyi amene ndinamupatsa anamusiya osalawa.

Amuna anga akuti Lachinayi ndilisenze ndikaligulitse pamsika wathu, poti wogulitsa pamsika ndine. Nditakana anakalipa: "Mayi a Rawda, azungu ogula kunja aja amaopa ndi ntchentche yomwe! Denje lobiriwira chonchi lingaphe ndani?" Apongozi anga, a Nabawiya, anawonjeza: "Ife takalamba tikudya za m'matope omwewa. Iwe mimba yako ndi yagalasi? Ukangotsegula pakamwa, mudzi wonse uziti munda wa Shaaban ndi wapoizoni, ndiye udzadya ulemu wakowo."

Aphungu, ndili ndi mantha. Amene amagula kwa ine ndi amayi anzanga, ena ndinawathandiza pobereka. Choopsa kwambiri n'chakuti Rawda ndakhala ndikumudyetsa thelere lomweli ndi mpunga pafupifupi tsiku lililonse, ndipo amasewera pakhomo pa khola. Masiku ano sakufuna kudya, amangolira atagwira pamimba. Koma ndikakana kugulitsa, banja langa ligwedezeka ndipo chaka chino tigona ndi njala. Nditani?

S. A., Dikirnis

Mayi S. A.,

Musagulitse, ndipo kuyambira lero musaphikenso. Mantha anuwo ali m'malo mwake. Mtovu suoneka, sununkha, sutha ndi moto, ndipo umapweteka kwambiri ana aang'ono: umawathetsa magazi ndi kuwononga nzeru zawo mwakachetechete. Apongozi anu akunena zoona kuti anakula ndi matope a m'ngalande, koma pa utsikana wawo kumtunda kunalibe wosungunula mabatire.

Yambani ndi mwana. Mawa m'mawa mupite naye kuchipatala, ndipo musakangonena kuti akudwala m'mimba, chifukwa adzakupatsani mankhwala a njoka za m'mimba n'kukubwezani. Mukanene mawu akuti mtovu, mufotokoze za matope, mupemphe kuti amuyeze magazi. N'kutheka kuti akudwala zina, koma woti anene zimenezo ndi dokotala. Amuna anu muwatenge, akamve ndi makutu awo. Bambo amene akukalipa chonchi nthawi zambiri amakhala kuti naye wagwidwa mantha, ndipo mawu a dokotala onena za mwana wake adzamulowa kuposa anu.

Rawda asayandikirenso khola, muzimusambitsa m'manja asanadye. Matope otsala m'kholamo achotsedwe atanyowetsedwa kuti fumbi lisabuke. Mkaka wa njatiyo muyambe mwausiya mpaka a zaziweto auyeze.

Munda wanu sunafe. Pitani ku ofesi ya zaulimi akayeze dothi m'malo osiyanasiyana, chifukwa mwina mbali imene simunathire manyowa aja ili bwino. Pamene paipa kwambiri, dothi lapamwamba limapalidwa n'kuchotsedwa. Pena ponse mungabzale thonje kapena mbewu ina yosadyedwa kwa zaka zingapo, mukuyezetsa. Phindu lidzachepa, sindikunamizani. Ndipo wina akabwera ndi botolo n'kumati ndi mankhwala otsukira nthaka, mumuonetse njira.

Za manyazi a apongozi anu, kumbukirani kuti mulu uja simunatape nokha. Anzanu amene munkalimbirana nawo ali ndi matope omwewo m'makola ndi m'minda mwawo, ana awonso akudya. Auzeni. Mukapita pamodzi kukadandaula kwa a zachilengedwe, nkhani idzakhala ya ngalande ndi osungunula mabatire aja, osati ya munda wa a Shaaban, ndipo kupempha chipukuta misozi kudzapepuka.

Chenjezo langa ndi ili. Kukana kusenza dengu sikokwanira. Denjelo lizulidwe lisanafike Lachinayi, mufunse a zaulimi kokalitaya. Musalitenthe, musalipatse njati kapena akalulu. Likangokhala chiimire m'munda, apongozi anu apeza wina wolisenza. Rawda ali ndi mayi amene akudziwa choti akauze dokotala. Mwana amene adzadye denje logula pamsikalo, mayi ake sadzadziwa n'komwe chimene chikumudwalitsa.

Aphungu