Armindo Wayambanso Kulankhula

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Chipera tilipo ndithu. Chimanga cha kumunda wanu wa kudambo chinachita bwino, koma mtedza unapserera ndi dzuwa. Mdzukulu wanu Lusiya anabereka mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, ndipo amalira mokweza ngati inu mukamaitana mbuzi.

Nkhani yaikulu ndi ya Armindo, mzime wanu. Titangokuikani m'manda, iye anapita ku garimpo, kokumba golide kufupi ndi Fingoe, limodzi ndi mnzake Fernando. Dzenje linagumuka Fernando ali pansi. Armindo anabwerako wamoyo, koma pakamwa potseka. Ankangokhala kuseri kwa nkhokwe, chakudya n'kumasiyira agalu. A enfermero a kuchipatala anamuyeza n'kunena kuti m'thupi mulibe matenda.

Tsono tili ndi abusa atsopano, a Mvula, aja makolo awo anabwerera kuchokera ku Zambia. Anakachita kurso ku Tete, maphunziro a uphungu wa m'Baibulo. Si zija zongomupempherera munthu Lamulungu n'kumuuza kuti limba mtima, ayi. Iwo amamutenga kukakhala naye kwawo masiku angapo otsatizana, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pomutenga Armindo, anati pakhalenso wachibale mmodzi, ndiye ndinapita ine. Kunena zoona, chinandikoka kwambiri n'kufuna kuona kuti amachita zotani m'menemo.

Ndinkayesa kuti alalikira. Koma Baibulo lili pamwendo, iwo n'kumangofunsa. "Armindo, kodi Fernando ankakonda kudya chiyani?" Ine pakamwa pankandiyabwa kuti ndimuyankhire, mpaka amayi busa ananditsina pamkono. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti chithupsa sachifinya chisanapse. Kodi inu munaziphunzira kuti zimenezi? Kurso simunachite, kuwerenga simunkadziwa, koma azimayi sankatha pakhonde panu.

Tsiku lina abusa anatsegula nkhani ya mneneri amene anathawira m'chipululu n'kupempha kuti afe. Anamupatsa Armindo kuti awerenge yekha, kenako anamufunsa, "Mulungu anayamba ndi chiyani pamenepa? Kumudzudzula?" Armindo anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. "Ayi," anatero motsitsa, "anayamba wamupatsa chakudya, n'kumusiya kuti agone." Amayi, ndinali nditaiwala mawu a mlongo wanga! Masana amenewo anadya mbatata osakakamizidwa.

Zitatero, zakukhosi zinayamba kutuluka pang'onopang'ono. Kani chimene chinkamudya n'choti ankamumva Fernando akuitana pansipo, iye akufukula dothi ndi manja, mpaka mawuwo anatha. Ankaopanso kukumana ndi Tereza, mkazi wa malemuyo. Ankaganiza kuti amufunsa kuti nanga iwe unapulumuka bwanji. Abusa sanamuuze kuti asaope. Anangoti, "Tipitire limodzi."

Tinapita pa njinga. Tereza anatiyalira mphasa, n'kufunsa chinthu chimodzi chokha: "Kodi anali yekha?" Armindo anati, "Ayi, mlamu, ndinkamuyankha mpaka kumapeto. Ankatchula inu ndi ana." Analira onse awiri. Potsanzika, Tereza anamupempha kuti adzamufolerere nyumba mvula isanagwe, ndipo anapitadi ndi mitolo ya udzu.

Sindinganame kuti wachiriratu. Masiku ena amabwereranso kuseri kwa nkhokwe, ndipo abusa amamuyenderabe. Koma chikundizunguza mutu n'ichi: Baibulo ndi lomwe lija takhala tikulimva chibadwire, nanga bwanji linali lisanatigwirepo chonchi? Kodi mphamvu ili m'mawuwo, kapena m'kudikira kuja? Ndinawafunsa abusa. Anaseka n'kunena kuti ndibwere ndidzaphunzire, poti pali azimayi ambiri mumpingo amene angamasuke kwa mzimayi mnzawo yekha. Apongozi anu, bambo a ana angawa, akuti munthu wolongolola ngati ine sangathe.

Ndavomera, amayi. Ndikukulonjezani kuti munthu woyamba amene adzakhale pamaso panga, ndidzatseka pakamwa pangapa mpaka iye ayambe yekha, ngakhale zindiwawe. Ndipo ngati mumaonana naye Fernando kumeneko, mumuuze kuti denga la ana ake silikudontha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Selina