Chitseko cha vaneti ya abambo

Amayi, kaya mukudzuka bwanji uko muliko?

Kuno tilipo. Ndiyambe ndi zing'onozing'ono kuti mtima ukhale pansi. Mwana wanu Agnesi anabereka mwana wamwamuna patapita miyezi ingapo titakuikani m'manda, ndipo pano akukwawa nyumba yonse. Mtedza wa m'munda mwanu unachita bwino. Chimanga ndicho chalowa anankafumbwe, tinachedwa kuthira mankhwala. Denga la khitchini likudonthabe pakona pomwe paja.

Nkhani yeniyeni ndi ya mpongozi wanu Esinati. Chaka chino anakhala ndi pakati. Poti ndi mimba yoyamba, mwezi womaliza anapita kukakhala kwa amayi ake kumudzi, mbali ya ku Tamanda. Anamwino kusikelo anali atachenjeza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, asayerekeze kuchirira kumudzi, nthawi ikayandikira akadikirire ku chipatala chachikulu ku Chipata. Inu mukundidziwa. Munkati, "Davide, nkhawa zako zimadzuka tambala asanalire." Kuyambira tsiku limenelo m'mutu mwanga munali msewu uja wokha: mabampu, mitsetse, ndi minibasi zodutsa zikafuna.

N'chifukwa chake ndinafulumiza kudzutsa vaneti ya malemu abambo, yomwe inakhala zaka pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Nabvutika. Ndinali nditayamba kale kuikonza ndikaweruka kuntchito. Injini inalira, mabuleki ndinaika atsopano, penti woyera ngati kale. Chinatsala chitseko chanu chija, cha kumanzere.

Mukuchikumbuka. Abambo ankachitseka ndi phewa, inu n'kumangirira chitenje kuchogwirira chake ndi kuchitsulo cha mpando, ulendo n'kumapita. Ine, pokumbuka momwe munkadandaulira kuti mumafika kutchalitchi mutafiira ndi fumbi, ndinagula malabala atsopano ozungulira chitseko. Walira mvula walira matope. Loko wa chitseko cha galimoto amaluma kawiri, Amayi: koyamba n'kongogwiriza, kachiwiri ndiye kutseka. Labala watsopanoyo ndi wonenepa, nachonso chitseko chinagwa pang'ono poti mahinjesi anadyeka, motero chinkaluma kamodzi kokha. Poyesa pamsewu wafumbi chinatseguka chokha pabampu, thumba la ufa lomwe ndinaika pampando n'kugubudukira m'ngalande. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana thumba long'ambikalo.

Ndinati nditengere inu. Ndinagula chingwe cha nayiloni, ndinapita ndi vaneti kumudzi, ndinamuonetsa Esinati mfundo yanga yolimba. Apongozi anga anali chapatali pakhonde monga amachitira ndikafika. Chikwatirireni sitinayang'anizanepo m'maso, mawu athu onse amadzera mwa Esinati. Anamuitana, kenaka Esinati anabwerera akuseka mosafuna.

"Akuti mumasule. Akuti wapakati sakhala pomwe pamangidwa mfundo. Mukamanga chitseko mwamanganso njira ya mwana."

Ndinati akawauze kuti chingwe cha m'sitolo sichidziwa za mimba.

"Kawauzeni nokha, inu a ku koleji."

Sindinapite. Ndipo ndinaona kuti pansi pa kusekako, nayenso chingwecho ankachiopa. Munthu woopa kale sumuwonjezera mantha, ndinamasula.

Panatsala njira imodzi, kukonza lokoyo kwenikweni. Loweruka lotsatira ndinafika kumudziko m'mawa, ndinachotsa chikuto cha m'kati mwa chitseko, ndinatulutsa loko yense. Girisi wakale anali atauma ngati phula, penti wanga atalowa m'mano mwake. Ndinayala tizitsulo pansalu motsatana, ndinajambula pa foni kuti ndisasokoneze, kenaka n'kuviika zonse m'chitini cha palafini. Ndinkati masiku akadalipo. Anamwino nawonso anatero.

Dzuwa lili paliwombo ndinamva Esinati akubuula m'nyumba, mawu omwe sindinawamvepo. Apongozi anatuluka akuthamanga. Nsupa inali itasweka, ndipo Esinati ankati mutu ukung'amba, m'maso mukuchita mdima. Amenewo ndiwo mawu omwe anamwino anati tikawamva tisadikire chilichonse. Pamalo pa loko panali bowo. Ndinayesa kulumikiza lokoyo msangamsanga, kasipuling'i kanaterereka m'zala zamafuta n'kugwera mumchenga. Ndinagwada ndikupapasa ngati wakhungu. Kenaka ndinatola chingwe chija.

"Siyani chimenecho, bambo."

Anali apongozi, ataima pafupi nane, akundiyang'ana m'maso.

"Uyu akhale pakati. Chitseko n'changa. Inu lizani galimoto."

Tinapanikizana atatu pampando umodzi uja. Iwo anatsitsa galasi, anatulutsa mkono n'kukumbatira chitseko, mapazi atapondera kutsogolo. Esinati anatsamira paphewa langa, giya ikumugunda bondo nthawi zonse ndikasintha. Bampu lililonse chitseko chinkayasama pang'ono, ine n'kumaona dothi likuthamanga pampatapo. Ndikachepetsa liwiro ankati, "Pondani, bambo, mwanyamula mazira kodi?" Ndikaponda, chitseko chinkawakoka. Ndinkafuna maso atatu, lina lamsewu, lina la Esinati, lina la mkono umenewo.

Pamtsetse wa kumlatho msewu umakhotera kumanja. Pamenepo chitseko chinawalaka. Chinatseguka ndithu, iwo n'kupita nacho theka la thupi lili kunja, mpango wakumutu n'kuuluka. Esinati, ndi ululu wake wonsewo, anawagwira m'chiuno ndi manja awiri. Phazi langa linapita pabuleki, koma ndinakumbuka kuti kuponda mwamphamvu n'kuwaponyera patsogolo onse awiri. Ndinachepetsa pang'onopang'ono. Apongozi anadzikoka okha, chitseko chinabwerera, phuu! Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse ngati avulala.

"Maso kumsewu!"

Titafika pa tala sanamasule mkono mpaka pageti la chipatala. Ndinachita kuwathandiza kutambasula zala.

Esinati anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Muli ndi mdzukulu wamkazi, Amayi, wochepa thupi koma pakamwa ndi pa Agnesi. Mayi ake akadali m'chipatala. Magazi sanatsike bwino, ndipo ndikafunsa adokotala amangoti tidikire. Ndimafunsa pafupipafupi moti akandiona amakhotera kwina. Mkono wa apongozi watupa kuyambira paphewa mpaka pachigongono, wabiriwira, sangathe n'komwe kunyamula khandalo. Amangoliyang'ana likugona.

Kukhala pabenchi ya chipatala kumandipengetsa, choncho ndinabwerera kumudzi kukatenga chitini chija. Kasipuling'i ndinakapeza posefa mchenga ndi sefa ya ufa. Ndinasintha mapini a mahinjesi kuti chitseko chikwere pamalo pake, ndipo kachitsulo ka pamphuthu, komwe loko amaluma, ndinakasunthira kunja pang'ono kuti labala apeze mpata. Ndinathira girisi watsopano. Tsopano chimalira kawiri, kha-kha, popanda phewa la munthu. Ndatsegula ndi kutseka mpaka aneba adandaula. Ndayenda nacho pamsewu uja wa thumba la ufa, ndikufunafuna dala mabampu. Sichinasunthe.

Dzulo ndinawatenga apongozi kunyumba, komwe anabwera kudzasamba, kuti ndiwabwezere kuchipatala. Anakwera, anatseka okha, anamvetsera. Kenaka anachikankha ndi phewa lomwelo lotupalo, anachikankhanso, nkhope itakwinyika. Ulemu wawo wakale wabwerera, sakundiyang'ananso. Poti Esinati panalibe, anauza galasi la kutsogolo.

"Chatseka. Koma tsiku lotuluka, kuchitseko kukhala ine."

Sindinatsutse, Amayi. Kunena zoona, mtima unapepuka.

Mumupempherere Esinati kuti magaziwo atsike, atuluke wamoyo ndi wamphamvu. Mwana akatuluka chikuta ndidzabwera nawo onse pamanda panu kuti mumuone, ndipo panjira ndidzayenda pang'onopang'ono, kaya apongozi anene chiyani.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Davide