Mwana wanga wapeza womuwerengera wina

Aphungu,

Ndine telala, ndili ndi mwana wamkazi ku sekondale. Mutu wake ndi wakuthwa, koma zilembo zimamuvinira papepala, tsamba limodzi amatha nalo ola lathunthu. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikumuwerengera mabuku a kusukulu, n'kumajambula mawu pafoni nthawi yopuma masana, nditakhala pa mulu wa zidutswa za nsalu, mnzanga akupalasa makina pambali. Mwanayo amamvera akutsuka mbale.

Chaka chino sukulu yawo yalandira mabuku omvera enieni. Amawerenga ndi mayi wina wa mawu osalala ngati silika, satsokomola, sapunthwa pa mawu a sayansi ngati ine. Mwana wachoka pa nambala 31 kufika pa 9 m'kalasi. Ndasangalala, Mulungu akudziwa. Koma masana akakwana ndimangoyang'ana foni ngati wochotsedwa ntchito. Dzana ndinamufunsa ngati ndijambule mutu wa mitsinje, iye anati, "Musavutike ababa, ulipo kale." Mayi ake anaseka mpaka misozi: "Mukuchitira nsanje mayi wa mufoni?"

Kodi ndipitirize kujambula, kapena ndikhala ndikungomulemetsa mwana?

B.T.

Bambo B.T.,

Eya, ndi nsanje imeneyo, koma musachite nayo manyazi. Mabuku a m'kalasi asiyireni mayi wa silikayo. Mukajambulanso mutu womwewo, mwana adzamvera wanu chifukwa chokumverani chisoni, nthawi yake n'kumangotha.

Komatu mayiyo sanawerenge zonse. Notsi za pabolodi, mapepala a mayeso akale, ndemanga za inki yofiira m'kope, zimenezo akumuwerengera ndani? Mufunseni mwanayo chimene chikumusowa, osangomuganizira. Mupitenso kwa aphunzitsi mukafunse ngati pa mayeso angadzamupatse womuwerengera mafunso kapena nthawi yowonjezera, chifukwa m'chipinda cha mayeso foni salowa nayo. Chinanso, mayi uja amangowerenga, safunsa kanthu. Inu mungathe kufunsa: "Wamvapo chiyani lero? Tandiuza."

Chenjerani ndi nkhope yanu. Mukamagwetsa nkhope iye akavala zomvera m'makutu, ayamba kubisala pophunzira, ndiye mwawononga zomwe munamanga nokha. Ndipo zojambula zakale zija musazifufute. Mayina a mitsinje adzawaiwala, koma tsiku lina adzafuna kumva bambo ake akutsokomola pakati pa tsamba, makina akulira kumbuyo.