Buku langa pa mbaula

Lachinayi madzulo, Zandspruit, ku Joni.

Lero ndakwiya kwambiri. Azakhali andiwotchera buku lija anandipatsa mwana wa abwana awo ku Fourways, la mtsikana amene analowa mumzinda wa akufa kukatenga mng'ono wake. Angoona chigaza pachikuto, basi aliponya pa mbaula.

"Zausatana m'nyumba mwanga muno ayi!"

Ine ndati, "Azakhali, ndi nkhani yongopeka."

"Ukuona? Wayamba kale kundiyankha."

Chonsecho dzulo iwo omwewo amauza anzawo za mfiti youluka pa lichero kuchokera ku Dedza mpaka ku Joni kuno, onse n'kumavomereza.

Eish, ndinangotsala ndi masamba ochepa. Mtsikana uja anali atangogwira dzanja la mng'ono wake, chitseko cha mzindawo chikutsekeka. Tsopano andiuza ndani ngati anatuluka?